Tsiku Limene Ndinakwirira Amayi a Dona M'munda wa Tiyi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene wandisunga mpaka mutu wayera chonchi, amenenso sanandibwezere molingana ndi uchitsiru wanga. Ndikumuyamika chifukwa cha amayi amene anandiwolotsa mtsinje wa Ruo ndili kumsana, chifukwa cha aphunzitsi a ku mishoni amene anandiphunzitsa kuwerenga Mawu ake, ndiponso chifukwa cha manyazi, pakuti nawonso ndi mphatso, ngakhale sindinamvepo munthu akuipempha atagwada. Nkhani iyi ana anga akhala akuimva kwa anthu ena, aliyense akuthirako mchere wake. Ndaona kuti ndi bwino ndiiulule ndekha mpweya udakalipo. Si nkhani yondikometsa ayi, ndipo musayembekezere kuti kumapeto kwake ndituluka woyera.

Zinachitika ndili mnyamata wa ndevu zoyamba, patapita zaka zingapo nkhondo ija ya mtengatenga itatha. Ndinkagwira ntchito ya udobi, ndiye kuti kuchapa ndi kusita, kunyumba ya bwana woyang'anira esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, chakufupi ndi Chimaliro. Ndinali nditangobatizidwa kumene mu mpingo wathu wosunga Sabata, ndipo moto wa chikhulupiriro unali lawilawi. Unali moto wa mapesi: malawi ambiri, koma wosapsa nawo ngakhale mbatata. Tsiku la ubatizo lisanafike ndinadula chithumwa chimene amayi anandimanga m'chiuno ndili wakhanda, n'kuchiponya pamoto mpingo wonse ukuona. Kuyambira pamenepo ndinkaona zithumwa paliponse. Munthu akangomanga kachingwe pamkono, ine ulaliki. Fodya ndinkadzudzula, mowa ndinkadzudzula, ngakhale tiyi amene ankatidyetsa tonsefe ndinkamuyang'ana ndi diso lofiira (sindinkamwa, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aliyense adziwe zoti sindimwa).

Panyumbapo tinalipo antchito angapo, koma m'nkhani ino mufunika kudziwa awiri okha. Woyamba ndi a Nakoma, akhukhi, bambo wachikulire wamimba yaikulu amene anakhala ndi azunguwo zaka zambiri ndipo Chingerezi ankachimva bwino. Iwowa sankanditchula dzina. Ankangoti "abusa", monyoza. Wachiwiri ndi a Elube, mlezi wa mwana wa dona (mkazi wa bwanayo), mayi wamasiye wa ana atatu, wofatsa, wosachuluka mawu. Nyumba yawo ndi kamunda kawo ka chimanga ndi nandolo zinali pamalo a esiteti. Masiku amenewo ntchito ikatha, nyumba nayonso yatha. Umanyamula mphasa n'kukafuna kwina.

Mwana wa dona anadwala malungo sabata ina. Tsiku lina ndikuyanika matewera ndinasuzumira pazenera (dobi saloledwa kusuzumira, koma maso alibe mpanda) ndipo ndinaona dona akuvula kanthu m'khosi, kamene masiku onse kankabisika m'kati mwa malaya. Anakapsompsona, anakanong'oneza mawu, kenako anakaika pansi pa pilo wa mwanayo. Ndinapukusa mutu. Amayi anga ankachita chimodzimodzi.

Lachitatu m'mawa, mwana atapezako bwino, a Elube anandipatsa mtolo wa zochapa, ine n'kutsetserekera kumtsinje. Ndikukutumula nsalu yophimba pilo, china chake chinagwera pamwala n'kulira ngati ndalama. Kanali kamkanda kopyapyala ka golide, ndipo pamenepo panalendewera kanthu kozungulira, kophwatalala, kukula kwake ngati shileni. Golide wake anali wakale, wofifia m'mbali chifukwa chogwiragwira. Pambali panali kahinji kakang'ono ngati ka chitseko cha nyumba ya nyerere. Munthu wanzeru akanakaika m'thumba n'kukapereka. Ine ndinalowetsa chikhadabo.

Abale anga, munali munthu m'menemo. Nkhope ya mzimayi, yochepa kuposa chikhadabo cha chala chachikulu, kuseri kwa kagalasi. Mtundu wake unali ngati tiyi wosalowerera. Tsitsi analigawa pakati, pakamwa anatseka, ndipo maso ake anali pa ine. Ndinasunthira kumanzere, maso ali pa ine. Ndinasunthira kumanja, maso ali pa ine. Nditayang'ana mbali inayo ya kachitsekoko, munali tsitsi. Tsitsi lenileni la munthu, lolukidwa mwaluso, lotsekeredwa kuseri kwa kagalasi kena.

Musandiyese mbuli yotheratu. Zithunzi ndinali nditazionapo. Ku mishoni kunali china chachikulu pakhoma ndipo sindinkachithawa. Koma kwathu tsitsi silisiyidwa poyera. Ukameta umalikwirira kapena kuliotcha, kuopa anthu oipa angalitole. Ndiye taonani: nkhope ya munthu yofinyidwa mpaka kuchepa chonchi, tsitsi lake pambali, zonse zotsekeredwa, zovalidwa mobisa, zonong'onezedwa, zoikidwa pansi pa mutu wa mwana wodwala. Mukanakhala inu mukanati n'chiyani? Mtima wanga unayankha msangamsanga. Ndinati azunguwa atiuza kuti tiotche zathu za nsanza, iwo zawo n'kumavala zagolide. Ndinatinso mwina malungo a mwana uja gwero lake ndi lomweli. Ndipo pomwepo (apa ndiye pamene ndimachita napo manyazi kwambiri) ndinamva kukoma mumtima, poganiza kuti mwa anthu onse a pa esiteti, Mulungu wasankha dobi kuti ayeretse nyumba ya bwana.

Kuponya m'madzi sindinafune, kuopa amayi otunga angakatole. Kuotcha, golide sapsa ndi moto wa nkhuni. Ndiye ndinakumbukira kholo lija la m'Malembo, limene linalimbana ndi mngelo mpaka kutsimphina, momwe linasonkhanitsira milungu yachilendo ya a m'banja lake pamodzi ndi ndolo zawo n'kuzikwirira pansi pa mtengo. Mtengo wa mtundu umenewo kuno kulibe. Koma tiyi analipo, phiri lonse.

Pobwerera, mtolo uli pamutu, ndinapatuka m'njira n'kulowa m'mizere. Ndinakumba ndi kamtengo pansi pa chitsamba china, mozama ngati chikhatho, ndinaikamo kanthuko, ndinakwirira, ndinapondaponda, ndinabwezerapo masamba ouma. Ndinapempheranso, mawu ambiri ndithu. Podzuka ndinaona kuti chitsambacho chinali ndi nsonga imodzi yaitali imene inatumphuka pamwamba pa zinzake zonse, ili njo ngati chala. Ndinati chabwino, chizindikiro ndi chimenechi, tsiku lina ndidzabwera ndi akulu a mpingo kudzawaonetsa pamene mdani anagonjera. Ndinakwera chitunda ndikuimba.

Dzuwa litapendeka, ndili m'kanyumba kanga kositira, ndinamva mfuu kuchokera m'nyumba yaikulu. Dona ankathamanga chipinda ndi chipinda. Matiresi anatulutsidwa panja, makabati anakhuthulidwa, a Elube anakwawa pansi pa bedi lililonse. Dona anafika pakhomo panga, maso ali psuu, akulozera m'khosi mwawo. A Nakoma anamasulira.

"Akufunsa ngati m'zochapa munagwa kanthu."

Sindinanene bodza ndi pakamwa. Ndinangotukula mapewa n'kuwuzira makala a m'nsimbi (ndinkaganiza kuti bodza la mapewa kumwamba salilemba). Kulira kwa dona sikunandisunthe. Ndinadziuza kuti mizimu yoipa imafuula ikamatuluka, ndipo ndinapitiriza kusita kolala ya bwana.

Lachinayi m'mawa bwana anatiimika tonse pabwalo. Funso linali limodzi: womaliza kukhudza pilo wa mwana ndani? A Elube anavomera kuti ndi iwo. Anati kanthuko sanakaone, anangovula nsalu n'kukulunga. Bwana sanafune zambiri. Anati pofika Loweruka m'mawa kakapanda kupezeka, a Elube apita ku boma ndi asilikali, ndipo nyumba yawo ipatsidwa kwa wina. A Elube sanatsutse. Anangokhala pansi pomwepo, pafumbi, manja ali pamutu.

Apa mtima unagunda pang'ono, koma ndinaukhazika pansi. Ndinati olungama amayesedwa, Mulungu awapulumutsa m'njira yake. Sindinaganize kuti njira yakeyo ili ndi miyendo iwiri ndipo yaima pomwepo itanyamula nsimbi.

Masana ndinalowa m'khitchini kukapala makala. A Nakoma ankasenda mbatata mwaukali ngati mbatatazo ndi zimene zaba. Ndinayamba mochenjera.

"Akulu, mwina kutayika kwake n'kwabwino. Zinthu zina sizoyenera kukhala m'nyumba ya anthu opemphera."

"Zinthu zanji, abusa?"

"Zithumwa."

Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, mutu wakowu anaubatiza ndi madzi kapena ndi phala? Amenewo ndi amayi awo a dona. Anawajambula kalekale kwawo kutsidya la nyanja, adakali namwali. Anamwalira dona ali wakhanda, sakuwadziwa n'komwe. Nkhope ya amayi awo amaidziwira pomwepo basi, china chithunzi kulibe. Tsitsilo anawadula asanawaike m'manda."

"Tsitsi la maliro!" ndinatero ine, ndikuganiza kuti ndapeza poponda. "Ndiye si zomwezo? Amalankhula nako, ndinawaona ndi maso angawa."

"Ehe, unawaona? Chabwino. Nanga kampeni kabuntha kali m'thumba mwakoko, kosadula ngakhale nthochi, n'ka yani?"

"N'ka malemu bambo anga."

"Umakapembedza?"

"Ayi."

"Nanga tsiku lija unkati kataika, unagwetsa nkhuni zanga zonse ukulira ngati mbuzi yomangidwa, unkalirira mulungu wako?"

Ndinatuluka wopanda makala. Ndinakakhala kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibatizidwire ndinasowa vesi. Limene linabwera lokha, losaitanidwa, linali la munthu uja anakwirira zofunkha pansi pa hema wake, anthu osalakwa n'kumafa chifukwa cha iye. M'mawa muja ndinkadziyesa kholo lotsimphina lija. Masana ndinapezeka kuti ndine mwini hema.

Munthu woongoka akanapita nthawi yomweyo kukagogoda pakhomo la dona. Ine ndinakonza nzeru ina. Ndinati ndikafukula mwakachetechete, ndikakapukuta, ndikakaponya kuseri kwa kabati, wina akakapeza, aliyense akondwa, dzina langa likhala loyera. Koma madzulo amenewo kunagwa mvula ya chiperoni, yowaza pang'onopang'ono koma yosaleka, ndipo zovala za alendo a bwana zinali mulu. Ndinati mawa. Podutsa pakhonde ndinawaona a Elube akugwedeza mwana wa dona pamiyendo, misozi ikugwera pa shawelo. Ndinayang'ana kumbali.

Lachisanu masana ndinazemba. Nditafika pamunda paja ndinaima, pakamwa yasa. Othyola tiyi anali atadutsamo dzulo lake. Inu amene simunakhaleko kuno, dziwani kuti othyola akadutsa amasiya munda uli see ngati tebulo. Nsonga iliyonse yotumphuka imapita m'dengu. Chala changa chija chinali chitapita kale ku fakitale, mwina chinali chitauma n'kale. Patsogolo panga panali zitsamba zosawerengeka, chilichonse chofanana ndi chinzake ngati mazira a nkhuku imodzi. Ine munthu wa sopo ndi nsimbi, ndinasankha chizindikiro chimene ntchito ya esiteti yonse ndi kuchichotsa.

Ndinayamba kukumba. Chitsamba choyamba, palibe. Chachiwiri, palibe. Ndinati mwina unali mzere wapamwamba. Ndinakwawa m'munsi mwa masamba onyowa, yunifolomu yanga yoyera ikusanduka katondo. Kamtengo kanathyoka, ndinapitiriza ndi zala. Mizu ndinaidula, Mulungu andikhululukire. Ndinali pa chitsamba cha khumi ndi chinai kapena chisanu, matako ali m'mwamba, pakamwa pakutuluka pemphero, pamene ndinamva ndodo ikundigogoda pamsana.

Anali kapitawo wa mundawo, ndipo kumbuyo kwake kunali azimayi othyola oposa makumi awiri, madengu kumsana, akuchokera ku munda wina.

"Adobi, zovala mwayamba kuchapira pansi pa tiyi?"

"Ndi... ndikukumba mbewa."

Azimayi anaseka mpaka madengu kugwedezeka. Wina anakuwa, "Wa Sabata wayamba mbewa! Mawa timupeza pa nkhumba!" Bodza loyamba lotuluka pakamwa, ndipo linali lopunduka miyendo yonse.

Koma wina sanaseke. Analoza maenje aja, mzere wonse, n'kunena motsitsa mawu m'Chilomwe kuti munthu wokumba timaenje m'munda wa eni, akung'ung'udza yekha, amakhala akutchera mankhwala. Kuseka kunatha ngati wathira madzi pamoto. Azimayi anabwerera m'mbuyo. Wina anati n'chifukwa chake mwendo wake wakhala ukutupa. Wina anati iye m'munda umenewu salowamonso, bwana achite chimene angachite. Wina anandilavulira malovu. Ine, amene ndinaotcha chithumwa mpingo ukuona, amene ndinkalalikira aliyense wa kachingwe pamkono, ndinaima pakati pa munda ndi matope mpaka m'makutu, ndikutchedwa mfiti. Muyeso umene ndinayesera dona unandibwerera wodzaza, wotsendereka.

Kapitawo anandigwira pakolala. "Nena chimene wakwirira, apo ayi tikukutengera kwa bwana."

"Nditengereni kwa bwana komweko," ndinatero, ndipo ndinayamba kulira.

Tinakwera chitunda ngati gulu lopita kumaliro, ine patsogolo. Bwana ndi dona anatuluka pakhonde, a Elube ali kumbuyo ndi mwana. Ndinagwada n'kunena zonse: zenera, mtsinje, chikhadabo, tsitsi, kholo lotsimphina, nsonga yaitali. A Nakoma ankamasulira, ndipo ndikukhulupirira kuti sanachotsepo kanthu, chifukwa pena ankaima n'kundifunsa, "Abusa, mubwerezenso pamenepo, mwati munapemphereranso?" Bwana anafiira mpaka khosi. Dona sanakalipe. Anafunsa funso limodzi lokha, ndipo a Nakoma anandipatsira mosaseka.

"Akuti, amayi awo agona panja pamvula masiku awiri?"

Ndikanakonda akanandimenya.

A Elube anandiyang'ana kamodzi, n'kutembenuza mwana kuti ayang'ane kwina.

Bwana analamula kuti onse apite kukafuna, aliyense mzere wake. Dzuwa linali litatsikira kale kumapiri, ndipo kwa ife likangolowa Lachisanu, Sabata layamba, ntchito yonse imaima. Ndinkayang'ana dzuwa, ndinkayang'ana munda, osadziwa choti ndipemphe: kuti liime kapena kuti nthaka indimeze.

Pakati pa othyola panali mayi wina wachikulire, a Namulesi, wamsana wopindika ndi dengu, zala zakuda ndi utomoni wa masamba. Iwowa sanalowe m'mizere. Anandikoka malaya.

"Mwanawe, wati nsonga yaitali? Imodzi yokha, yokhota pang'ono chakumtsinje?"

"Eya, amayi."

"Pafupi ndi pamene madzi a mvula anakumba kangalande?"

"Sindikukumbukira bwino. Zitsambazi n'zofanana zonse."

"Zofanana kwa iwe. Malaya a bwana ndi a dona kwa ine n'ngofanananso." Anatembenukira mnzawo wina. "Si chija unachidumpha sabata yatha iwe, ine n'kukutukwana dzulo pochithyola?"

"Sindinachidumphe, panali mavu!"

"Mavu ake ati, ulesi basi."

Akukanganabe choncho, anayenda molunjika ngati akupita kunyumba kwawo, anadutsa maenje anga onse, anatsika mizere isanu ndi umodzi kumunsi kwa kumene ine ndinkakumba, n'kuima. "Kumba apa. Ndipo usadule mizu, chitsamba ichi n'chachikulu kuposa iwe."

Pamene ndinkagwada, dzuwa linali litabisika. Ndinadziwa kuti Sabata lalowa. Ndinakumbabe, ndi zala, pang'onopang'ono, ndipo chala chapakati chinakola kamkanda.

Dona anakalandira ndi manja awiri. Anakapukuta ndi mpango wawo, anakatsegula. Nkhope ija inalipo. Koma chinyontho chinali chitalowa pansi pa kagalasi, ndipo paphewa la mayiyo, kukwera mpaka m'munsi mwa tsaya, panali banga lotuwa limene kale panalibe. Dona analipukuta ndi chala, koma linali m'kati. Silinachoke tsiku limenelo, silinachokenso mpaka kale. Chinthu chimene chinawoloka nyanja, chimene chinasungidwa bwino zaka zonsezo kuyambira dona asanabadwe, chinaonongeka m'manja mwa munthu amene ankati akutumikira Mulungu. Dona anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kwa a Elube, anawagwira dzanja, n'kunena mawu amodzi a Chinyanja amene ankawatha bwino: "Pepani."

A Nakoma sakanatha kusiya zinthu zili chete choncho. Pobwerera anandinong'oneza kuti, "Abusa, mwawaika Lachitatu, auka Lachisanu. Tsiku lachitatu ndithu. Utumiki wanu ukuyenda." (Ndinawadzudzula kuti zopatulika sasewera nazo, koma mawu anga anali atatha mphamvu, ndipo iwo ankadziwa.)

Bwana ankafuna kundithamangitsa tsiku lomwelo. Ndinamva kuti dona ndi amene anakana. M'malo mwake ananditsitsa ku udobi n'kundipereka kwa kapitawo, kuti ndikakwirire maenje anga ndi kuthyola tiyi nyengo yonse ya mvula pansi pa a Namulesi. Kumeneko dzina langa linasintha. Poti ndinaika maliro a amayi a dona, azimayi ankanditcha "adzukulu", monga timatchulira okumba manda. "Adzukulu, dengu lanu lili ndi masamba okhwima!" "Adzukulu, lero muika yani?" Alipo okalamba ena ku Goliati amene mpaka lero akandiona pamsika amandipatsa moni ndi dzina limenelo.

Sabata m'mawa ndinapita kwa mkulu wa mpingo kukaulula kuti ndinakumba dzuwa litalowa. Ndinayesa kudzitchinjiriza ndi mawu aja onena za ng'ombe yogwera m'dzenje tsiku lopuma. Mkuluyo anamvetsera zonse, anakanda chibwano, n'kunena kuti, "Kuitulutsa sikulakwa, mwana wanga. Koma ng'ombe imeneyi munaikankhiramo nokha."

Chovuta koposa chinali Lamulungu. Ndinapita kunyumba kwa a Elube. Ndinapeza m'nyumba muli mbee. Poyembekezera kuthamangitsidwa, Lachisanu m'mawa anali atatumiza kale ana awo ndi katundu yense kwa achimwene awo ku Kapichi, kuti asilikali akabwera ana asaone. Chimanga cha m'kamunda kawo anali atachithyola chisanakhwime, poti sakanachisiyira wina. Ndinakhala pansi pakhomo n'kuyamba mawu amene ndinakonza njira yonse, okhala ndi mavesi atatu. Anandidula.

"Achimwene, zoti munakwirira sindikukuimbani nazo mlandu. Nanenso nditakaona koyamba ndinachita mantha. Simunadziwe."

Ndinayamba kupuma bwino.

"Koma Lachinayi munadziwa. Munadutsa pakhonde paja, munandiona, munayang'ana kumbali. Ndinakuonani."

A Elube analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nkhata.

"Ku Kapichi mukudziwako. Kuli mtondo, miphika iwiri, mphasa, ndi mwana wamng'ono amene sangayende. Muzinyamuka, dzuwa lingakule."

Ndinayenda maulendo awiri tsiku limenelo. Ulendo wachiwiri ndinabwera ndi mtondo pamutu ndi mwana kumsana, womangidwa ndi chitenje ngati mayi, anthu m'njira monse akuseka. Sindinanyamulepo katundu amene ndinamuyamika ngati ameneyo. Madzulo ana atatu aja anagona m'nyumba yawo, ndipo a Elube anandipatsa madzi akumwa m'chikho chawo. Mawu oti ndakukhululukirani sanawanene, koma madziwo ndinamwa onse. Chimanga chija sichinabwerere paphesi. Chaka chimenecho anadya choperewera, ndipo ngakhale ndinkawapititsira chinangwa cha kwathu, sindinganame kuti zinalingana.

Kodi ndinaphunzira? Pang'ono. Ndinaphunzira kuti changu chopanda kufunsa chili ngati nsimbi yotentha m'manja mwa wakhungu, ndiponso kuti tchimo langa lalikulu silinachitikire m'munda, koma pakhonde. Koma ndisakunamizeni. Mwezi wathawu mtsikana wina wa m'kwaya anabwera kutchalitchi atavala kanthu kozungulira m'khosi, ndipo ulaliki wonse maso anga anali pamenepo, chikhadabo chikuyabwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndinapita kukafunsa. Anati n'kopanda kanthu m'kati, anagula pa sitolo ya Mmwenye. Ndinamuuza kuti n'kokongola, ndipo ndinapita kunyumba.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Akupatseni mtima wotentha pa zake, koma akupatseninso pakamwa pofunsa manja asanagwire. Mukalakwa, akufupikitsireni njira yochoka pamene mwadziwira kukafika pamene muululire, kuti wosalakwa asagone ndi misozi chifukwa cha dzina lanu. Akuikireni pafupi anthu odziwa munda kuposa inu, ndi ena okhoza kukupatsani madzi mutawalakwira. Ndipo nkhope za amene munawakonda, kaya zili pa pepala, kaya zili mumtima mokha, azisunge zopanda banga kufikira m'mawa uja tidzaonane nawo maso ndi maso. Amen.